Buku la Kaundula ndi Kabati ya Mapu

Nkhani yathu lero ichokera ku Thyolo, kwa Khwethemule ndi midzi yoyandikana ndi minda ya tiyi, kumene mlandu wa malo sunazilale. Tifufuza funso limene linkavutitsa makalaliki akale, ndipo likuvutitsanso akatswiri a kompyuta: kodi mapu kapena chithunzi chimatidwe m'buku la kaundula momwemo, kapena chigone m'kabati, bukulo lingosunga nambala yake?

Kuyambira m'chaka cha 1892, Harry Johnston anayamba kupereka zikalata zotchedwa Certificate of Claim kwa Azungu amene ankati anagula malo kwa mafumu. Zambiri mwa zikalatazo zinali ndi mawu akuti midzi ndi minda yopezeka kale pamalopo isasunthidwe popanda chilolezo cha boma. Mawuwo anali abwino, koma midziyo siinayezedwe ndi kujambulidwa mosamala. Choncho chikalata chinkaloza chinthu chimene munthu sakanatha kuchitsimikiza. Pamene Alomwe ambiri anafika kuchokera ku Mozambique, ndipo minda ya tiyi ngati ya Satemwa, yoyamba mu 1923, inakula, zinavuta kusiyanitsa mwini mudzi wakale ndi mlendo. Ambiri anagwa m'goli la thangata.

Tsoka lina linagwa mu 1919, pamene moto unatentha maofesi a boma ku Zomba ndi kupsereza mapepala ochuluka a zaka zoyambirira za utsamunda. Nyumba yosungira zikalata zakale inatsegulidwa ku Zomba komweko mu 1947.

Apa tiona njira ziŵiri, iliyonse ndi ngozi yake. Mukamata mapu m'buku, umboni ndi mawu ake sizisiyana, koma bukulo limatupa, limalemera, ndipo likapsa zonse zapita. Mukaika mapu m'kabati, buku limapepuka, koma wina akasuntha mapuwo osauza kalaliki, nambala ija iloza m'malere. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Kompyuta itabwera, funsoli linangovala malaya ena. Mu 1970, Edgar Codd wa kampani ya IBM anafotokoza njira yosungira kaundula m'mizere yolumikizana, imene ili maziko a nkhokwe zambiri zotchedwa database. Nkhokwezi zimakhoza kwambiri maina, masiku ndi manambala. Koma zithunzi, mapu ndi mawu ojambulidwa ndi katundu wolemera. Zikaloŵa m'nkhokwe, kulemba ndi kufafaniza kumayendera pamodzi, ndipo chilolezo chimodzi chimateteza zonse. Koma kukopera nkhokwe yonse kumachedwa. Zikakhala m'mafoda, ndiyo kabati ya masiku ano, zimatseguka msanga, koma nkhokwe siidziŵa ngati fayilo yachotsedwa.

Mu 2006, Jim Gray ndi anzake a ku Microsoft anayesa njira zonse ziŵiri. Anapeza kuti mafayilo ochepera 256 KB amayenda bwino m'nkhokwe, opitirira 1 MB amayenda bwino m'mafoda, ndipo apakati amadalira mmene akugwiritsidwira ntchito.

Nkhaniyi ikutikhudza tonse. Mu 2017, Amalaŵi oposa 9 miliyoni analembetsa ziphaso za unzika, aliyense anajambulidwa chithunzi ndi zidindo za zala. Lamulo la malo a mafumu la 2016 linatsegula njira yakuti munda wa banja ulembedwe m'kaundula, ndipo kulemba kotero kumafuna mapu. Dzina likakhalapo koma mapu ake asoŵa, mdzukulu wa kwa Khwethemule adzaima pabwalo la milandu chimanjamanja, monga anaimira agogo ake.

Motero, inu osunga zikalata za mpingo, za sukulu kapena za kwa mfumu, sankhani njira yoyenera kulemera kwa katundu wanu. Koma pokopera, koperani buku ndi kabati tsiku limodzi, ndipo kope linalo likagone m'nyumba ina.