Kusiyanasiyana, Cilungamo ndi Kulandirana m'Masukulu a Pulaiveti

Amene amawerenga nkhani za maphunziro a ku Amereka, kapena amene analembapo kalata yopempha thandizo ku mabungwe a kunja, anakumanapo ndi zilembo zitatu izi: DEI. Zilembozi ziimira mau atatu a Cingelezi, diversity, equity ndi inclusion, amene ife pano tiwamasulira kuti kusiyanasiyana, cilungamo ndi kulandirana. Popeza mipingo yambiri ili ndi masukulu ake, ndipo ambiri a ife timakhala m'mabodi a masukuluwo kapena tili ndi ana kumeneko, taona kuti ndi bwino kufotokoza tanthauzo la mauwa, kumene anacokera, zimene masukulu amacita, ndi zimene anthu amatsutsana pa nkhaniyi.

Tanthauzo la mau atatuwa

Liu lililonse mwa atatuwa lili ndi funso lakelake.

Kusiyanasiyana kufunsa kuti: kodi m'kalasi muli ana a yani? Kodi muli atsikana ndi anyamata, ana a olemera ndi a osauka, a mitundu, zinenero ndi zipembedzo zosiyana, olumala ndi osalumala? Funso lomweli lifunsidwanso za aphunzitsi ndi za amene ali m'bodi. Ili ndilo losavuta pa onse, cifukwa yankho lake lipezeka mwa kungowerenga maina m'kaundula.

Cilungamo cifunsa kuti: kodi mwana aliyense ali nazo zimene afunikira kuti akhoze? Pano cilungamo sicitanthauza kugawa cimodzimodzi. Mai amene ali ndi ana anai, mmodzi wodwala, amaphikira atatuwo nsima ndipo wodwalayo amamuphikira phala, koma palibe amene anganene kuti maiyo wakondera. Kusukulunso ndi cimodzimodzi. Mwana wosaona afunika mabuku a zilembo za Braille, ndipo amene kwao kulibe magetsi afunika malo owerengerako dzuwa likalowa.

Kulandirana kufunsa kuti: kodi mwana amene walowa adziona kuti ali kwao, kapena ndi mlendo amene anzake angomupirira? Yankho lake lioneka m'zinthu zing'onozing'ono: ngati aphunzitsi amachula bwino dzina lake, ngati malamulo a sukulu amalola tsitsi limene anabadwa nalo, ngati anzake amamuseka akalankhula monga alankhulira kwao.

Sukulu ingapambane pa funso loyamba n'kulephera pa awiri otsalawo. Mbiri imene tifotokoze pansipa ionetsa zimenezi mobwerezabwereza.

Cifukwa cake nkhaniyi ikhudza kwambiri masukulu a pulaiveti

Sukulu ya boma ndi ya anthu onse mwa lamulo. Sukulu ya pulaiveti imasankha yokha ana ake. Imasankha kudzera m'mafizi, m'mayeso olowera, m'kuceza ndi makolo, ndiponso kawirikawiri mwa kuyamba kulandira abale a ana amene ali kale pasukulupo kapena ana a amene anaphunzirapo kale. Ciliconse mwa izi cili ndi cifukwa cake comveka. Koma zikaphatikizana zimasefa ana monga sefa isefera ufa, ndipo m'kalasi mumatsala ana a mabanja ofanana, ngakhale palibe amene anakonza kuti zitero.

Kumene zinayambira

Mauwa anacokera ku Amereka, ndipo muzu wake ndi tsankho la khungu. Mu 1954 Bwalo Lalikulu la Milandu la dzikolo, pa mlandu wa Brown v. Board of Education, linagamula kuti kupatula ana akuda ndi acizungu m'masukulu a boma n'kuphwanya malamulo a dziko. Azungu ambiri a kumwera kwa dzikolo sanafune kumva. Anatsegula masukulu a pulaiveti kuti ana ao asakhale pa benci imodzi ndi ana akuda. M'dera la Prince Edward, ku Virginia, akuluakulu anatsekeratu masukulu onse a boma kuyambira 1959 kufikira 1964. Ana acizungu anapitiriza maphunziro ku sukulu ya pulaiveti imene inatsegulidwira iwo okha, pamene ana akuda ambiri anakhala zaka zingapo osalowa m'kalasi.

Sitingabise kuti ena mwa masukulu osankhana khunguwa anali ndi dzina la Cikristu. Mu 1976, pa mlandu wa Runyon v. McCrary, bwalo lomwelo linagamula kuti sukulu ya pulaiveti siingakane mwana cifukwa ca khungu lake. Mu 1983, pa mlandu wokhudza Bob Jones University ndi Goldsboro Christian Schools, linagamula kuti boma lingalande mwai wosakhoma msonkho kwa sukulu yosankhana khungu, ngakhale eni ake atanena kuti atero cifukwa ca cikhulupiriro cao.

Pa nthawi yomweyo masukulu ena akale ndi ochuka a kumpoto cakum'mawa kwa dzikolo anatenga njira ina. Mu 1963 kunayambika bungwe la A Better Chance, limene nchito yake ndi kufunafuna ana anzeru a mitundu imene inkasalidwa ndi kuwapezera malo m'masukulu amenewo. Mu 1978 mphunzitsi wina wa ku New York, Gary Simons, anayambitsa Prep for Prep, imene imayamba yaphunzitsa ana miyezi 14 asanalowe, kuti akafika asapezeke ali m'mbuyo mwa anzao.

Zimene masukulu amacita

Nchito imene masiku ano ichedwa DEI m'masukulu a ku Amereka ili ndi mbali zingapo.

Yoyamba ndi ndalama. Masukulu amapatula thumba lothandizira mabanja amene sangakwanitse mafizi. Ocepa olemera kwambiri anafika posankha ana osayang'ana ngati makolo angalipire. Phillips Academy ya ku Andover, ku Massachusetts, yakhala ikutero kuyambira 2008. Koma masukulu anaphunzira kuti mafizi si ndiwo okha amene amatsekereza mwana. Pali yunifomu, mabuku, kompyuta, zovala za masewera ndi maulendo a sukulu. Mwana amene alipiriridwa mafizi koma n'kumatsala yekha anzake akamakwera basi ya ulendo amadziwika kwa onse kuti ndi wosauka. Motero masukulu ena anayamba kulipira ndi zimenezi zomwe, mwakacetecete.

Yaciwiri ndi aphunzitsi. Mwana amene pasukulu ponse aona anthu a mtundu wake ali m'khichini ndi pageti pokha amaphunzirapo kanthu, ngakhale palibe amene wamuuza. N'cifukwa cake masukulu amayesa kulemba nchito aphunzitsi a mitundu yosiyanasiyana. Bungwe la masukulu oima paokha la National Association of Independent Schools linayambitsa mu 1986 msonkhano wa aphunzitsi amene si azungu. Masukulu ambiri analembanso munthu wapadera woyang'anira nkhani zimenezi.

Yacitatu ndi zophunzira: mabuku a olemba a mitundu ina, ndi mbiri ya dziko yosabisa ukapolo ndi tsankho. Yacinai ndi timagulu m'mene ana a mtundu umodzi kapena a vuto limodzi amakumana paokha kuti alimbikitsane. Yacisanu ndi ana olumala. Lamulo la mu 1990 loteteza anthu olumala limakhudza masukulu a pulaiveti, koma gawo lake lokamba za malo otumikira anthu silikakamiza masukulu a zipembedzo, kotero kuti kumeneko zambiri zidalira mtima wa eni sukulu.

Caka ca 2020 ndi mikangano yotsatira

George Floyd, munthu wakuda, ataphedwa ndi wapolisi ku Minneapolis mu Meyi 2020, ana a sukulu akuda ndi amene anamaliza kale anatsegula masamba pa Instagram m'mene anafotokoza zimene anakumana nazo m'masukulu ochuka: kuchedwa maina onyoza, kulangidwa koposa anzao pa colakwa cimodzimodzi, kuuzidwa kuti analowa cifukwa ca cifundo cabe. Ambiri mwa masukuluwo anali atanyadira kwa zaka zambiri kuti ali ndi ana a mitundu yonse. Zinaoneka kuti geti inali itatseguka, koma ana ena anali akali alendo m'kati. Masukulu anapepesa, nalonjeza kusintha.

Kenaka panabuka otsutsa, ndipo zodandaula zao ziyenera kumveka bwino. Makolo ndi aphunzitsi ena anati maphunziro atsopanowa amazoloweretsa ana kuona khungu poyamba ndi munthu pambuyo, ndiponso kuti timagulu tija tikugawanso ana amene anafunika kugwirizanitsidwa. Ena anati ana ndi aphunzitsi ayamba kuopa kunena maganizo ao. Mabanja ndi masukulu ena a zipembedzo anakana mbali zokhudza nkhani za amuna ndi akazi zimene zitsutsana ndi ciphunzitso cao. Panalinso otsutsa a mbali ina, amene anati zonsezi n'zongodzionetsera: sukulu imene mafizi ake a caka cimodzi aposa zimene mabanja ambiri amapeza pa caka siingakhale ya onse cifukwa ca zithunzi zokongola za m'kabuku koitanira makolo.

Mu Juni 2023 Bwalo Lalikulu linaletsa mayunivesite, pa mlandu wokhudza Harvard ndi University of North Carolina, kuwerengera khungu posankha ophunzira. Mu Januwale 2025 Pulezidenti Donald Trump analamula kuti mapulogalamu a DEI athe m'maofesi a boma lake. Cigamulo ca 2023 cinali ca mayunivesite, koma masukulu a pulaiveti naonso anayamba kuunikanso kasankhidwe kao ndi mau amene amagwiritsa nchito.

Njira za maiko ena

Ku Amereka zambiri mwa izi sukulu imacita mwa kufuna kwake. India inasankha lamulo. Lamulo la mu 2009 la ufulu wa maphunziro limauza masukulu a pulaiveti kupatula malo 25 pa 100 alionse a m'kalasi yoyamba kuti akhale a ana a mabanja osauka ndi osalidwa, ndipo boma ndilo liyenera kubwezera sukulu ndalama.

Kuno kumwera kwa Africa, masukulu ena a pulaiveti ndiwo anatsogola pokana tsankho. Mu 1963 Michael Stern anatsegula sukulu ya Waterford pafupi ndi Mbabane, m'dziko limene lero ndi Eswatini, kuti ana a mitundu yonse aphunzire pamodzi pamene ku South Africa zinali zoletsedwa. Ana a Nelson Mandela ndi a Desmond Tutu anaphunzira kumeneko. Kuyambira 1976 masukulu a Katolika ku South Africa anayamba kulandira ana a mitundu yonse, boma la tsankho lisakufuna.

Kwathu ku Zambia

Ufulu usanabwere mu 1964, masukulu a m'dziko muno analinso opatukana: a azungu, a amwenye, a makaladi ndi a anthu akuda. Malire a khunguwo anagwa, koma a ndalama akalipo. Lamulo la maphunziro la mu 2011 limazindikira masukulu a boma, a m'madera oyendetsedwa ndi anthu eni ake, othandizidwa ndi boma, ndi a pulaiveti, ndipo masukulu a mipingo apezeka makamaka m'magulu awiri omalizawa. Kuyambira Januwale 2022 boma linacotsa mafizi m'masukulu ake kufikira giredi 12. Ana ambiri anabwerera kusukulu, makalasi anadzaza, ndipo funso lakuti ndani angakwanitse kalasi ya ana ocepa linakula.

Pa nkhani ya olumala tili ndi poyambira pabwino. Mu 1905 ku Magwero, pafupi ndi Chipata, Issie Hofmeyr wa mishoni ya Dutch Reformed anayamba kuphunzitsa osaona, ndipo Ella Botes anapitiriza nchitoyo. Lero tili ndi lamulo la mu 2012 la anthu olumala, loletsa kuwasala. Komabe bodi iliyonse ingayendere sukulu yake n'kuona ngati njinga ya wolumala ingalowe m'kalasi ndi m'cimbudzi, ndi ngati mwana wacialubino amakhazikidwa kutsogolo kumene angaone bolodi.

Pa nkhani ya atsikana mbiri yathu ndi yosakanizika. Mu 1997 boma linakhazikitsa ndondomeko yolola mtsikana amene watenga pakati kubwerera kusukulu atabereka. Masukulu ena a mishoni sanailandire, ndipo ankapempha mtsikanayo kukapitiriza kwina. Amene amateteza zimenezi amati asunga mwambo wa sukulu. Otsutsa amafunsa cifukwa cake cilango cimagwera mtsikana yekha.

Palinso cinenero. Ambiri a ife tikumbukira, ndipo ena tikali kumva, za ana olangidwa cifukwa colankhula Cinyanja, Cibemba kapena Citonga pabwalo la sukulu. Kuphunzitsa Cingelezi bwino n'kofunika, koma mwana amene acititsidwa manyazi ndi cinenero ca amai ake sanalandiridwe.

Mafunso amene bodi ya sukulu ingadzifunse

Makolo athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Bodi yofuna kudziwa pamene iima siifunika kubwereka mau a ku Amereka. Ingayambe ndi mafunso amene mayankho ake ali m'mabuku a sukulu. Ndi ana angati a m'komboni kapena m'mudzi woyandikana ndi sukulu amene aphunzira pano? Pa amene anathandizidwa mafizi zaka zisanu zapitazi, ndi angati anamaliza, ndipo amene anasiya anasiyiranji? Kupatula mafizi, kholo limalipira zingati pa temu? Ndi ana a mabanja otani amene amapezeka kawirikawiri m'buku la zilango? Mwana akanyozedwa cifukwa ca mtundu, khungu, kulumala kapena umphawi, amakanena kwa yani, ndipo dandaulo lomaliza lotere linathera pati?