Ndani Agwire Mfuti? Kuchokera ku Gogodera Kufika ku AK-47

Mu Febuluwale 1884, m'mphepete mwa mtsinje wa Shire, mfumu Chipatula inakangana ndi mzungu wamalonda dzina lake George Fenwick. Mkanganowo unali wa malonda, ndipo mowa unali utalowa kale m'mitu. Fenwick anatola mfuti n'kuwombera mfumuyo, ndipo inafera pomwepo. Iyenso sanapite patali, pakuti anthu a Chipatula anamulondola n'kumupha. Kwa kanthawi Amakololo anatseka njira ya pamtsinje, ndipo azungu a ku Blantyre anakhala mitima ili m'mwamba.

Chipatula amene anafa ndi mfutiyu, ufumu wake anaupezanso ndi mfuti. Sanali mbadwa ya kuchigwa cha Shire. Anali mmodzi mwa Amakololo osakwana 20 amene anabwera ndi David Livingstone kuchokera kumtunda kwa Zambezi, n'kutsalira kuno pamene ulendowo unatha mu 1864. Anapeza Amang'anja atafooka ndi njala yoopsa ya 1862 ndi 1863 komanso ndi nkhondo za ogwira akapolo. Alendowo analibe mbumba, analibe manda a makolo m'deralo, koma anali ndi mfuti ndi wonga. Pasanathe zaka zambiri, iye ndi anzake monga Kasisi ndi Katunga anali mafumu olamula midzi, ndipo ena mwa mayina awo akumvekabe ku Chikwawa mpaka lero.

Mfuti zambiri za nthawi imeneyo zinali gogodera. Zina zinali zakale zimene asilikali a ku Ulaya anasiya kugwiritsa ntchito, zina zinkapangidwa motchipa ku Birmingham ndi ku Liège n'cholinga chodzagulitsa ku Africa kuno. Zinkatsika m'zombo ku Zanzibar, Kilwa ndi Quelimane, kenako n'kuyenda pamitu ya amtengatenga pamodzi ndi nsalu, mikanda ndi migolo ya wonga. Kuti munthu awombere kamodzi, ankaimika mfuti, kuthira wonga kukamwa kwake, kutsekera ndi kasanza kapena luzi, kuponyamo chipolopolo kapena tizidutswa ta chitsulo, kenako kutsindira zonsezo ndi kamtengo kachitsulo. Mvula ikanyowetsa wonga, mfutiyo inkangosanduka chibonga. Akachulutsa wonga, inkaphulikira mwini wake n'kumudula zala. Komabe kulira kwake ndi utsi wake zinkakwanira kubalalitsa mudzi wonse m'bandakucha, ndipo osula zitsulo a m'midzi anaphunzira kuikonza ikawonongeka.

Malonda ake anali ozungulira. Mfuti inkapha njovu ndi kugwira anthu, minyanga ndi anthuwo zinkagula mfuti zina. Mfumu yokana malondawo inkapezeka kuti ndi iyo yagwidwa ndi mnansi amene anawavomera. Motero Jumbe anakula mphamvu ku Nkhotakota, kumene zombo zinkaolotsa akapolo kupita kutsidya la nyanja, ndipo kumwera kunamveka mayina a Makanjira, Mponda, Jalasi ndi Kawinga. Koma mfuti yomweyo inapulumutsanso ena. Angoni ankadalira nthungo ndi zishango, ndipo pamtetete panalibe wolimbana nawo. Mwase wa ku Kasungu anagula mfuti kwa amalonda, anthu ake n'kumawombera ali kuseri kwa linga, ndipo anawabweza. Amene amati mfuti imateteza ndi amene amati imawononga, onse angapeze umboni wawo m'zaka zimenezo. Chokhacho n'chakuti powerengera midzi yotenthedwa ndi anthu opita kugombe atamangidwa goli m'khosi, chiwonongeko ndicho chinachuluka.

Lamulo loyamba lalikulu lokhudza mfuti za kuno linalembedwa kutali, wa kuno aliyense palibe. Pa 2 Julayi 1890 maiko a ku Ulaya, pamodzi ndi America, Turkey, Persia ndi Zanzibar, anasaina pangano ku Brussels lothana ndi malonda a akapolo. M'panganomo munali ndime zoletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu a m'chigawo chachikulu cha pakati pa Africa, ndipo dziko lino linali mkati mwake. Mfuti zamakono zinayenera kusungidwa m'nyumba za boma, kudindidwa chizindikiro, kulembedwa m'kaundula ndi kuperekedwa kwa okhawo amene boma lawavomereza. Munthu wakuda analoledwa kugula gogodera wachikale ndi wonga wamba basi.

Cholinga cholembedwa papepala chinali chabwino, ndipo palibe angalire maliro a malonda a akapolo. Koma taonani nthawi yake. Panganolo linabwera pamene maiko omwewo ankagawana Africa, ndipo zotsatira zake zinali zakuti mbali imodzi ikhale ndi mfuti zolowetsa zipolopolo kumbuyo ndi mizinga, inayo ikhale ndi chida chofuna mphindi yathunthu kuti chilirenso. Mu 1891 Britain inalengeza kuti dziko lino lili m'manja mwake, ndipo Harry Johnston anabweretsa asilikali achi Sikh kuchokera ku India. Nkhondo sizinali zophweka. Mu Disembala chaka chomwecho anthu a Makanjira anapha mkulu wa asilikaliwo, Cecil Maguire, m'mphepete mwa nyanja. Koma mapeto ake anali odziwikiratu. Mlozi wa ku Karonga, amene linga lake linakanika kampani ya African Lakes m'nkhondo ya 1887 mpaka 1889, ndipo Frederick Lugard anavulazidwirako, anagonja mizinga itagumula makoma ake, n'kupachikidwa mu Disembala 1895. Mwase wa ku Kasungu anagwa m'nyengo yomweyo, ndipo Gomani wa Angoni anaphedwa mu 1896, ngakhale mlandu wake sunali wa zombo za akapolo.

Kuyambira pamenepo mfuti inasanduka chinthu cha chilolezo ndi msonkho. Mlenje amene agogo ake ankapita kuuzimba osapempha munthu anayamba kufunsidwa pepala, ndipo mlimi amene njovu ndi nguluwe zinkamuthera chimanga ankayenera kudandaula kwa bwanamkubwa wa paboma. Mfuti yamakono munthu wakuda ankaigwira pokhapokha atavala yunifolomu ya King's African Rifles kapena ya polisi.

Palibe chimene chimaonetsa bwino kusiyana kumeneku kuposa usiku wa pa 23 Januwale 1915. Miyezi inayi m'mbuyomo, asilikali akuda anali atafera ku Karonga pomenyana ndi Ajeremani, mfuti za mfumu ya ku England zili m'manja, pankhondo imene John Chilembwe anaitsutsa poyera. Tsopano anthu ake a ku Mbombwe atadzuka, ambiri ananyamula nthungo ndi nkhwangwa. Gulu lina linapita ku Magomero kumene linapha William Jervis Livingstone. Gulu lina linayenda usiku wonse wapansi kupita ku Blantyre, ndipo chimene linkafuna chinali chimodzi: nyumba yosungiramo mfuti ya kampani ya African Lakes ku Mandala. Linafika m'bandakucha, linathyola, koma mfuu inamveka msanga ndipo linathawa ndi mfuti zochepa chabe. Kuukirako kunathera pamenepo, ngakhale kuti kuwomberana kunapitirira masiku angapo. Chilembwe anawomberedwa pa 3 Febuluwale, tchalitchi chake chinaphwasulidwa, ndipo otsatira ake ambiri anaphedwa, ena ataweruzidwa mwachangu, ena osaweruzidwa n'komwe.

Patapita zaka 44, pa 3 Malichi 1959, anthu anasonkhana padoko la Nkhata Bay atamva kuti abale awo omangidwa ali m'sitima. Analibe mfuti. Asilikali anawombera, ndipo anthu osachepera 20 anafa. M'dziko lonse ophedwa pa nyengo ya chipwirikiti imeneyo anapitirira 50, ndipo bungwe la Devlin limene linafufuza nkhaniyi linanena kuti Nyasaland inali itasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi.

Ufulu wa 1964 unasintha mbendera, koma nkhani ya mfuti inatsala momwemo. Lamulo la mfuti la 1967 linasunga maziko akale: wofuna mfuti apemphe chilolezo kupolisi, afotokoze chifukwa chake, mfutiyo ilembedwe m'kaundula. Chatsopano chinali chakuti pambali pa asilikali ndi apolisi panabadwa gulu lachitatu lonyamula zida, a Malawi Young Pioneers, amene ankamvera chipani ndi Kamuzu Banda yekha. Apayoniya ankaphunzitsa ulimi ndi ntchito zamanja, izi n'zoona, koma analinso ndi nkhokwe zawo za mfuti, ndipo wapolisi sankatha kuwamanga mwachisawawa. Mu Disembala 1993, apayoniya atawombera asilikali ku Mzuzu, asilikali anzawo anatuluka m'mabalaki n'kuyamba kuwalanda zida pa ntchito imene inatchedwa Bwezani. Mizinga inalira mu Lilongwe, anthu anafa, ndipo apayoniya ambiri anathawira ku Mozambique. Kulanda mfuti kwakukulu kumene kunachitikapo m'Malawi wodziimira payekha kunali kwa nthambi imodzi ya boma kulanda inzake.

Ku Mozambique komweko ndiko kunachokera vuto lina. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, itathamangitsira kuno anthu oposa 1 miliyoni. Anthuwo anabwerera kwawo, koma mfuti za AK-47 zimene zinakwiriridwa m'tchire ndi kubisidwa m'madenga zinayamba kuyenda. Malire a ku Dedza, Ntcheu, Mwanza, Mulanje ndi Nsanje ndi msewu kapena munda chabe, ndipo chida chimene chinkagulidwa ndi ndalama za boma chinayamba kusinthanitsidwa motchipa. Zaka zoyambirira za matipate zinadza ndi umbava wa mfuti umene anthu a m'tauni ndi a m'magolosale a kumudzi anali asanauzolowere.

Anthu a ku Mozambique anayankha mwanzeru. Mu 1995 Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo ya chikhristu m'dzikomo anayambitsa ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, makina osokera ndi malata. Wobweretsa mfuti sankafunsidwa kumene waitenga. Zidazo zinkadulidwa pomwepo, ndipo amisiri anawotcherera zidutswa zake n'kupanga zosema. Mpando wina wopangidwa ndi mfuti zoterozo uli ku British Museum ku London. Apolisi a South Africa ndi Mozambique nawonso ankafukula ndi kuphulitsa nkhokwe za m'tchire. Ndipo munali mu Blantyre, mzinda wa Mandala uja, mmene atsogoleri a SADC anasainira pangano loletsa kufalikira kwa mfuti ndi zipolopolo pa 14 Ogasiti 2001.

Anthu akamamva za mkangano wa mfuti ku America, kumene ufulu wokhala ndi chida unalembedwa m'malamulo aakulu a dziko mu 1791 ndipo ana amawomberedwa m'kalasi, ena amafunsa ngati nafenso tikanafunika ufulu woterowo kuti tidziteteze kwa achifwamba. Yankho la mbiri yathu ndi lakuti ayi. Dziko lino linayesapo kale moyo umene aliyense wokhala ndi minyanga ankagula mfuti, ndipo zidzukulu za otsala zimadziwa mmene zinathera. Lamulo loletsa linabwera ndi atsamunda pa zifukwa zawo, koma kusowa kwa mfuti m'nyumba za anthu wamba n'chuma chimene sitiyenera kutaya. Mkangano wa malire a munda, wa chikwati kapena wa pamowa umene lero umathera kwa anyakwawa kapena kuchipatala, bwenzi ukuthera kumanda.

Mbali imene timaizemba ndi inayo. Kuyambira 1915, masiku amene mfuti inapha Amalawi ambiri nthawi imodzi anali masiku amene inali m'manja mwa ovala yunifolomu: Nkhata Bay mu 1959, misewu ya Blantyre ndi Limbe pa sitalaka za mu Meyi 1992, ndiponso pa 20 ndi 21 Julayi 2011, pamene anthu 20 anafa pa zionetsero, ambiri a iwo ku Mzuzu. Bungwe lofufuza limene boma lomwe linakhazikitsa linapeza kuti apolisi anagwiritsa ntchito mphamvu mopyola muyeso. Mlimi wokhala ndi mfuti yothamangitsira anyani amalembedwa m'kaundula ndipo amayankha mafunso. Wotulutsa mfuti m'nkhokwe ya boma ayeneranso kuwerengera chipolopolo chilichonse pobweza, ndi kutchula amene analamula kuti awombere. Lamulo la 2010 linati pakhale bungwe loima palokha lomva madandaulo a anthu pa zochita za apolisi, koma panatha zaka pafupifupi 10 bungwelo lisanayambe kugwira ntchito.