Chilumba

Chilumba ndi mtunda wozunguliridwa ndi madzi mbali zonse. Ena amati chisumbu. Mwana wa ku Mwanza, kwa mapiri ndi manachesi, angamve mawuwa pongoganizira mchenga wotsala pakati pa mtsinje. Komatu pa zilumba za Likoma ndi Chizumulu pali midzi, ndipo sitima ya Ilala imakochezapo.

Banja lofuna kukaona chilumba cha m'nyanja yamchere limadutsa malire a Mwanza kulowa Zobue, kuwoloka Zambezi ku Tete, mpaka ku Vilankulo kokakwera bwato lopita ku chilumba cha Bazaruto. Ulendowu ngwautali kwa ana aang'ono, ndipo madzi a m'nyanjayo samwedwa. Makolo anyamule akumwa okwanira, ndipo mwana asakwere bwato osavala jekete yoyandamitsa.