Momwe sola ya mu Lusaka inakwerera kuchoka pa mavolti 12

Kale, banja la m'komboni lopanda malaiti linkadalira batire ya galimoto. Mwana ankaikankha pa wilibala kupita nayo kokatchajitsa, madzulo anthu n'kuunjikana pa TV yaing'ono mpaka chithunzi chitayamba kufota. Batireyo inali ya mavolti 12, ndipo nambala imeneyi inakhazikika m'mitu ya anthu.

Sola ya m'nyumba inayamba kudziwika kumidzi. Cha m'ma 2000, ndi thandizo la dziko la Sweden, makampani ang'onoang'ono ku Nyimba, Chipata ndi Lundazi anayamba kuikira anthu sola, eni nyumba n'kumalipira pamwezi. Pa denga pankakhala panelo imodzi ya mawati 50. Panelo yotere imatulutsa mavolti pafupifupi 18, okwanira kudzaza batire ya 12 kudzera m'kabokosi kotchedwa kontirola, koteteza batire kuti isadzaze mopitirira. Zonsezi zinkayenderana popanda masamu ambiri.

Mu Lusaka, anthu a ku Kabulonga ndi Woodlands analibe nazo ntchito. ZESCO inkawapatsa magetsi otsika mtengo ochokera ku Kariba ndi Kafue Gorge.

Zinthu zinatembenuka mu 2015, madzi atachepa m'Kariba ndipo malaiti akuzima maola 8 patsiku. Mu 2019 chilala chinabweranso, chaka chomwe malo aakulu opangira magetsi a dzuwa a Bangweulu ndi Ngonye anatsegulidwa kum'mwera kwa mzindawu. Koma cha 2024 ndicho chinaposa. Pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, ndipo pofika September nyumba zambiri zinkaona malaiti maola atatu okha patsiku. Mashopu a ku Kamwala ndi m'tauni anadzaza mapanelo, mainveta ndi mabatire.

Apa mpamene nzeru ya batire ya galimoto inayamba kuluzitsa anthu. Mapanelo a masiku ano ndi aakulu, ena mawati 550, otulutsa mavolti oposa 40. Munthu akagula yotere n'kuilumikiza ku batire ya 12 kudzera pa kontirola yotchipa ya PWM, kontirolayo imangokokera panelo pansi kuti ifanane ndi batire, mphamvu yoposa theka n'kutayika. Mwini wake amati wogulitsa wamubera, chonsecho panelo ili bwinobwino. Ya MPPT ndiyodula, koma imasandutsa mavolti otsalawo kukhala mphamvu yolowa m'batire.

Nyumba ya ku Chelstone kapena Kabwata imafunanso zambiri kuposa mababu anayi: firiji, pampu ya madzi, makompyuta. Katundu wa mawati 1,200 amakoka maampu 100 pa mavolti 12, ndipo waya wowonda amatentha mpaka kusungunuka. Pa mavolti 48 amakoka 25 okha. Ndiye chifukwa chake amisiri anakwera kupita pa 24, kenako pa 48, pomwe mabatire a lithium akulowa m'malo mwa akale aja othira madzi.

Mmisiri wodziwa ntchito amawerengeranso nyengo. M'mawa wa June, Lusaka kukuzizira, mavolti a panelo amakwera, ndipo mapanelo olumikizidwa mondondozana amatha kupyola malire a kontirola n'kuiwotcha.

Pa Intercity, mu msewu wa Dedan Kimathi, mibadwo yonseyi ya sola imakumana. Anyamata onyamula katundu amalowetsa mapanelo okulungidwa m'makatoni pansi pa mabasi a ku Petauke, Chipata ndi Lundazi, mwini katundu akukuwa kuti asaikepo matumba. Ambiri mwa mapanelowa ndi aakulu, ogulidwa ndi ana okhala m'tauni, ndipo kumudzi akukalumikizidwa ku batire ya mavolti 12.