Sipanala

Mawuwa tinabwereka ku Chingerezi cha ku Britain, koma m'magalaja anakhazikika kalekale moti ngakhale mnyamata wophunzira umakaniko amangotchedwa sipanala boyi. Ntchito yake yoyamba ndi yomweyo: kupatsira zitsulo abwana ake ali chagada pansi pa galimoto.

Komatu makaniko satchula dzinali kawirikawiri. Amangokuwa kuti, "Iwe, tandipatsa 14!" Nambalayo sinena za kutalika kwa chitsulocho ayi. Imanena kukula kwa kukamwa kwake m'mamilimita, kuchokera mbali imodzi ya mutu wa bauti kufika mbali inayo. Galimoto za ku Japan monga Toyota zimakonda 10, 12, 14 ndi 17, ndipo pamalo pomwe Toyota ikanafuna 12, galimoto zambiri za ku Ulaya zimafuna 13. Wokonza njinga za kabaza sasiyana ndi 15, yomasulira manati a mateyala.

Imene imasowasowa ndi 10. Ndi yaing'ono, ndipo imafunika paliponse kuyambira pa batire, ndiye imagwera m'injini kapena kupita ndi mnzako wobwereka.

Pali ina yosintha kukamwa, ija amati shifiting'i. Ine sindiikhulupirira kwenikweni. Ikakhwefuka pang'ono imaterereka n'kudya makona a nati mpaka natiyo kukhala yozungulira. Zomwezo zimachitika ukaika 13 pa bauti ya ku America ya mutu wa theka la inchi, lomwe ndi mamilimita 12.7. Imaoneka ngati yakwana, koma ukakoka mwamphamvu imapulumuka, zala n'kukagunda chitsulo.