Pamene Boma Linalowa Pakati pa Ankhoswe

Kwa Mponda, kwa Makanjira ngakhale kwa Nankumba ku Mangochi, kale ukwati sunkafuna chidindo cha boma. Ankhoswe a kuchimuna ndi a kuchikazi akamvana, nkhani inali itatha: mnyamata ankapita kuchikamwini, n'kumanga nyumba ndi kulima munda pamudzi pa apongozi ake. Chisilamu chitazika mizu pakati pa Ayao, shehe anayamba kumangitsa nikaha, koma banja likagwedezeka oyamba kuitanidwa anali ankhoswe omwewo. Lamulo la ukwati la atsamunda la mu 1902, Mangochi ikutchedwa Fort Johnston, silinkafika kwenikweni kumadooko kumene asodzi ankasoka makoka.

Malamulo oyendetsera dziko a mu 1994 ndiwo analemba poyera, mu gawo 22, kuti mwamuna ndi mkazi aliyense ali ndi ufulu wokwatira kapena kukwatiwa, ndipo palibe woyenera kukakamizidwa. Anavomerezanso ukwati wa mwambo. Koma gawo lomwelo linasiya mpata woopsa: mwana wa zaka 15 mpaka 18 ankatha kulowa m'banja makolo akalola. Mtsikana wongotuluka kumene kunsondo, akafunsiridwa ndi mnyamata wochokera ku Joni ndi njinga ndi foni, chilolezocho sichinkavuta kupeza, makamaka pakhomo pamene nkhokwe yauma.

Pa mitala boma linabwerera m'mbuyo. Mu 2010, litanena kuti likufuna kuiletsa, bungwe la Muslim Association of Malawi linakana kwamtuwagalu, ndipo lamulo la maukwati la mu 2015 linangoiletsa pa ukwati womangidwa kwa boma, osati wa mwambo kapena wa kumzikiti. Pa msinkhu, lamulolo linati zaka 18, koma linkatsutsana ndi gawo 22. Aphungu anakonza gawolo mu February 2017, n'kuchotsa chilolezo cha makolo chija. Anachedwa kwambiri: kafukufuku wa boma wa mu 2015-16 anali atapeza kuti mwa akazi 100 alionse a zaka 20 mpaka 24, okwana 42 anakwatiwa asanafike zaka 18.

Ku Dedza, chakumadzulo kwa Mangochi, Inkosi Theresa Kachindamoto anathetsa maukwati a ana mazanamazana, n'kuimitsa mafumu ang'onoang'ono amene ankawaloleza. Mafumu ambiri a kunyanja nawonso tsopano ali ndi malamulo a m'midzi olipiritsa chindapusa makolo ndi ankhoswe okwatitsa mwana wa sukulu.