Makina a Chisangalalo ndi Nkhawa za Wogula ku Ntcheu

Pamene kampani ya Nintendo inatulutsa makina ake atsopano a masewera, otchedwa Switch 2, mu June 2025, ogula a ku Ulaya ndi ku America anang'ung'udza ndithu, ponena kuti madola 450 ndi mtengo wowawa, kuti gemu imodzi ya Mario Kart World ikugulidwa madola 80, ndi kuti ena mwa makhadi ogulitsidwa m'mabokosi okongola alibe gemu m'kati mwake, koma kiyi chabe wokatengera gemuyo pa intaneti. Munthu wa ku Ntcheu asayese madandaulo amenewa achilendo, pakuti makolo athu, amene anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, anayamba kale kufunsa makina alionse atsopano mafunso awiri: kodi adzadya chiyani, ndipo akadwala adzawachiza ndani?

Kale chisangalalo cha ku Ntcheu, dziko la Gomani, sichinali cha pa sitolo. Bawo ankakumba pansi patsinde pa mtengo, ndipo ngoma inkavinidwa ndi mawu a pakamwa ndi kugunda kwa mapazi. Koma amuna atayamba kupita ku migodi ya ku Joni ndi ku Harare, ena pa Wenela, ena pa ulendo wa okha, obwerera anadza ndi mabulangete, njinga ndi galamafoni. Ndipo iye amene anatsika pa msewu atasenzetsa mnyamata bokosi loimba lija, analandiridwa monga Yosefe wa ku Aigupto. Chimwemwecho sichinachedwe kubala nkhawa. Singano inkabuntha itangoimba nyimbo zowerengeka, mbale zinkasweka zikagwa pansi kamodzi kokha, ndipo chitsulo chopota cha m'kati chikaduka chifukwa cha dzanja la mlamu wopukusa mwaphuma, bokosilo linkakhala chete pathandala kufikira wina atapita ku Limbe. Komabe mwini wake sankalitsekera m'chipinda: pa ukwati, pa mowa, pa Khirisimasi, ankalitulutsa pabwalo, ndipo chimene anagula munthu mmodzi chinkavinitsa mudzi wonse.

M'chaka cha 1949 kunadza wailesi yotchedwa Saucepan Special, yopangidwa ndi kampani ya Ever Ready ku Britain popemphedwa ndi Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia, amene ankafuna kuti Aafirika amve nyumba youlutsa mawu ya ku Lusaka, kumene Chinyanja chinali chimodzi mwa zilankhulo zake. Inali yobulungira, yopakidwa utoto wa buluu, ndipo inkagulidwa mapaundi 5. Koma batire lake, lalikulu ndi lolemera, linkagulidwa palokha, ndipo likatha linali litatha. Apa ndi pamene anthu athu anaphunzira kuti mtengo wa tsiku logula ndi malonje chabe, mtengo weniweni umadza pambuyo. Mphunzitsi kapena kalaliki wokhala nayo ankaitsegula ndi muyeso, nthawi ya nkhani ndi ya mafuno abwino, anthu atadzaza pakhonde, kenaka n'kuifunditsa kansalu.

Zaka za Dr. Banda zinabweretsa MBC mu 1964 ndi wailesi za Nzeru zolumikizidwa ku Blantyre. Ndipo Amwenye atachotsedwa m'masitolo a kumidzi m'zaka za m'ma 1970, malonda ambiri anagwera PTC ndi Chipiku. Nthawi imeneyo inakuza munthu amene ine ndimlemekeza koposa m'mbiri yonseyi, ndiye wokonza mawailesi wa pakhonde la golosale, amene ndi kachitsulo kotenthetsa pa mbaula, ndi mulu wa mawailesi akufa ochotsako ziwalo, ankaukitsa zimene eni ake anali atazilira kale.

Televizioni ya dziko lino inayamba mochedwa, mu 1999, ndipo m'zaka zotsatira nyumba zoonetsera vidiyo zinamera m'misika ya m'mbali mwa msewu wa M1, kuyambira ku Lizulu, kudzera pa mphambano ya Tsangano ndi paboma, mpaka ku Kampepuza. M'nyumba zotere ndi momwe PlayStation inapeza malo, kawirikawiri yogwirapo kale ntchito, yobwera m'chikwama cha wochokera ku Joni. Lowanimo tsiku la msika, mbatata ya kachewere ndi kabichi zitagulidwa: anyamata awiri akhala pabenchi atagwira mapadi omangidwa ndi tepi, ena khumi aima kumbuyo akulangiza mofuula, mwini nyumba akulandira ndalama pa gemu iliyonse ya mpira, khutu lake lili kwa jenereta imene ikutsokomola kuseri. Ndiwo mwambo womwe uja wa galamafoni, kungoti tsopano pali kulipira pakhomo.

Chimene chindidetsa nkhawa n'chakuti makina a masiku ano akupangidwa motsutsana ndi mwambo umenewu. Pamene Sony inatulutsa PlayStation 5 mu November 2020, inagulitsa mitundu iwiri, wa madola 499 wolowa disiki ndi wa madola 399 wopanda polowetsa disiki. Ndipo wotsika mtengowo ndiwo wodula kwa ife, chifukwa gemu yake siibwerekedwa kwa mnansi, siigulitsidwa ikakutopetsa, koma iyenera kutsitsidwa pa intaneti ndi bandulo imene mlimi wa ku Tsangano angaione ngati kutaya thumba la feteleza. Onjezanipo kuti kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndi kuti nyumba zambiri za m'boma lino magetsi a ESCOM sanazifikire.

Inde, tili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, tili ndi bungwe la CAMA limene John Kapito walitsogolera zaka zambiri, ndi la Competition and Fair Trading Commission lolandira madandaulo. Koma lamulo limafuna lisiti ndi sitolo yoti n'kuiloza, pamene makina ambiri ofika kwathu kuno adutsa m'manja atatu kapena anayi asanaoloke pa Mwanza kapena pa Dedza. Akafa, mwini wake amawanyamulabe kupita nawo kwa wokonza wa pakhonde, amene lero akonza ndi mafoni omwe. Ndipo iyeyo, ngakhale luso lake lili lomwe lija, sangatsegule akaunti imene inatsekedwa ndi kampani ya ku Japan m'dzina la munthu wa ku Johannesburg amene sanamuonepo.